Matumba Amene Ankandidulira Mwamuna Wanga

Ngati mukudya, malizani kaye, musambe m'manja, kenako mubwere. Nkhani yangayi ili ndi fungo, ndipo ine ndinasiya kalekale kupepesa chifukwa cha fungo.

1

Dzina langa ndine Christabel. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndimakhala ku Tembisa, kuno ku Joni, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake. Pamimba panga, chakumanja kwa mchombo, pali kansonga ka matumbo kofiira ngati m'kati mwa tsaya. Anamwino amakatcha sitoma. Matumbo anga akulu anadzaza zilonda mpaka madokotala anawachotsa onse, ndipo sadzameranso. Choncho kuchimbudzi sindipita monga mupitira inuyo. Zam'mimba zimatulukira pasitomapo, zamadzimadzi, nthawi imene zafunira zokha, n'kugwera m'thumba lapulasitiki lomata pakhungu. Likadzaza ndimalikhuthula. Pakapita masiku angapo ndimalimatula n'kumata lina.

Thumba latsopano silimangomatidwa. Mumayamba mwadula bowo kumbali ya guluu, lofanana ndendende ndi sitoma yanu, kenako n'kusenda kapepala koteteza guluuyo. Khungu liyenera kukhala louma gwa. Mukachita bwino mumaiwala n'komwe kuti mwavala kanthu, ndipo ine ndinali katswiri. Chaka chathunthu sindinaonongepo chovala ngakhale chimodzi.

Mwamuna wanga, a Jameson, ndi mlonda pamalo ena ogulitsira magalimoto ku Kempton Park. Mukawamva akusimba, tsotsi aliyense wa kuno amanjenjemera akamva dzina lawo. Koma tsiku limene anaona sitoma yanga koyamba, ngwaziyo inathawira panja n'kukasanza pafupi ndi mpope wa landilodi. Kuyambira pamenepo ankagona atayang'ana kukhoma.

"Mayi a Miracle, zimenezi zisamveke kunja," ankatero. "Anthu akadziwa kuti mkazi wa Jameson amadzithandizira m'jumbo, ine ndiziyenda bwanji?"

Matumbo anadula anga, manyazi n'kugwira iwo.

Munthu mmodzi amene ndinamuuza zoona ndi bwana wanga, mayi Tasneem, amene amaphika masamusa ndi makeke a pamaukwati kunyumba kwawo ku Benoni. Ine ndimakanda ufa, kupinda masamusa ndi kukazinga. Anandimvetsera mpaka kumapeto n'kungoti, "Bola ukhondo, Christabel. Muno timagwira chakudya cha anthu." Ntchito imeneyo ndi imene imaphunzitsa Miracle, mwana wathu wamkazi, amene ali kusekondale ndipo amakhala ndi mayi anga kumudzi. Malipiro a ngwazi ija musawawerengere. Amathera pa nsapato zosongoka ndi zopereka.

2

Zoperekazo zinkapita kwa Mneneri Newton, mnyamata wa kwathu konko amene kale ankameta anthu pambali pa kagolosale kena, timene kuno amati spaza, ku Dukathole. Lero amavala suti yoyera, nsapato zoyera, ali ndi tenti yakeyake, ndipo madoda a imvi amamutchula kuti Papa. Amene anakokera a Jameson kumeneko ndi mchemwali wawo, a Carol, mzimayi amene sangakupatse moni asanakuuze zimene wakulota. Ine ndinapitako kamodzi. Nditaona akazi akugubuduzika m'fumbi ndinati pamimba pangapa sipofuna masewera amenewa.

Tsiku lina Lamlungu masana ndinayala zida zanga pabedi kuti ndisinthe thumba. A Jameson analowa kuchokera kutenti kuja, anaima n'kuyang'ana zidazo. Ndinadikira kuti athawe, koma sanathawe.

"Ndipatseni sizasiyo," anatero.

"Mukufuna kumeta ndevu?"

"Ndikufuna ndikudulireni. Mwavutika nokha nthawi yaitali, chonsecho mwamuna muli naye."

Ndinawapatsa kapepala koyezera kukula kwa bowo. Anadula mosamala, lilime lili panja ngati mwana wa sitandade wani, ndipo bowo lake linatuluka losalala kuposa anga. Atatha ananyamula bokosi lonse.

"Ndizidula onse pasadakhale. Inu mukamachoka kosamba muzingopeza zokonzeka."

Abale, ndinalira. Misozi yeniyeni, yotentha, ya munthu amene wakhala chaka mwamuna akunyansidwa naye m'nyumba mwake momwe. Ndinaimbira foni mayi anga n'kuwauza kuti, "Amayi, Mulungu wandibwezera mwamuna." Mumtima ndinafika mpaka poipepesa tenti ija. Ndinaiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

3

Thumba loyamba kundichititsa manyazi linasankha m'takisi. Unali m'mawa, ndili mpando wa kumbuyo, ndafinyidwa pakati pa mayi wina wonenepa ndi mnyamata wovala chipewa. Ndinangomva kutentha kukutsetsereka m'chiuno mpaka pantchafu.

"Sies!" anakuwa mayi uja monyansidwa, n'kufunsa m'chinenero chawo kuti ndani wachita zimenezi. "Ubani lo?"

Mawindo onse anatsekulidwa. Wina anati mwina pali khanda, wina anaseka n'kunena kuti khandalo ndi lalikulu. Mnyamata wa chipewa uja ataona siketi yanga anasuntha ngati waona njoka, n'kutulutsa liwu lija limene amatitukwana nalo ife obwera. Dalaivala anaimitsa galimoto pamalo opanda siteji. Ndinatsika nditakumbatira chikwama pamimba, ndipo anthu amene aja, oti aliyense wa iwo anali atanyamula zakezake m'mimba, anandiyang'ana ngati iwo amadya mpweya.

Ndinati mwina ndi ngozi chabe. Koma lachiwiri linamatuka ndikuchapa, lachitatu ndikugula tomato. Thumba limene kale linkakhala masiku, tsopano silinkafika madzulo. Ndipo zotuluka m'matumbo aang'ono n'zaukali, zikakhudza khungu zimalidya. Pozungulira sitoma panasupuka, panafiira, pankayaka ngati pathiridwa tsabola.

Ndinapita kwa namwino wathu wa zamasitoma kuchipatala. Anayang'ana, anapukusa mutu.

"Sisi, umadzola Vaselini pamenepa?"

"Ayi."

"Mafuta alionse? Sopo wa mafuta? Guluu uyu mdani wake ndi mafuta, ngakhale kadontho."

Ndinalumbira kuti ayi. Komabe ndinadzikayikira ndekha. Ndinasiya kudzola thupi lonse mpaka ndinatuwa ngati buluzi. Ndinasiya sopo wonunkhira. Ndinasiya nyemba, kabichi, chimanga chootcha, mpaka tiyi. Bokosi la matumba ndinalichotsa pafupi ndi malata kuopa kutentha. Palibe chinasintha.

A Jameson ndiye anali mngelo. Ndikabwera nditaononga zovala sankakwiya. Ankandiyang'ana maso akuwala, n'kufunsa modekha, "Lamatukanso?" Ine n'kumati taonani chifundo cha mwamuna wanga.

4

Tsiku limene ndinkaliopa linafika Lachisanu, tikukonza masamusa a ukwati. Ndinawerama kuti nditulutse thireyi mu uvuni, ndipo ndinamva guluu akulekerera. Sizinakhudze chakudya, zimenezo ndikulumbira. Koma zinadontha pa matailosi a m'khitchini, pamaso pa mayi Tasneem ndi mayi wa mkwatibwi amene anabwera kudzalawa.

Mlendo uja anatola chikwama chake n'kutuluka osatsanzika. Mayi Tasneem anataya masamusa onse a tsiku limenelo mubini, ngakhale amene anali m'chipinda china. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira.

"Christabel, ndimakukonda, ukudziwa," anatero m'Chingerezi chawo chothamanga chija. "Koma dzina langa lili pa chakudya chimenechi. Pita kunyumba. Ukapeza chimene chikuchititsa, ubwere undionetse. Ukapanda kuchipeza, mwezi ukatha ndilemba wina."

Ndinavula epuloni n'kuipachika kuseri kwa chitseko. Njira yonse ndinkangoona Miracle akubwezedwa pageti ya sukulu atanyamula katundu wake pamutu.

Kunyumba ndinapeza a Carol atakhala pabedi langa, nsapato zili kuphazi.

"Alamu, ine ndinalota," anayamba. "Ndinalota mukuyenda pamimba pali see, opanda chigamba. Izi si za chipatala ayi. Lamlungu tiyeni kwa Papa."

"Tiyeni, mayi a Miracle," anawonjezera a Jameson. "Koma mwayesa zonse. Mutaya chiyani?"

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinavomera, ine ndemwe ndinkaseka akazi ogubuduzika.

5

Lamlungu ndinasamba, ndinamata thumba limene a Jameson anandiyalira pabedi, ndinavala diresi langa labwino. Mapemphero a m'tenti simapemphero othera msanga. Tinaimba, tinavina, tinapereka, tinaperekanso. Dzuwa linatentha tenti, thukuta linayenderera, thumba langa linayamba kulemera, ndipo chimbudzi chinali chimodzi, mzere wake wofika kumsewu. Ndinkangodikira mpata woti ndizembe.

Ndiye inakwana nthawi ya maumboni. Ndinangoona a Jameson adzuka, akonza tayi, alandira maikolofoni.

"Aleluya, mpingo!"

"Ameni!"

"Mkazi wanga ndi uyo wakhala apoyo. Mukumuona watchena choncho, alibe matumbo. Amadzithandizira m'jumbo yomata pamimba!"

Tenti yonse inatembenuka. Mafoni anakwera m'mwamba.

"Ndinabwera kwa Papa ndikulira. Papa anandipatsa botolo la mafuta odzozedwa. Anati, mwana wanga, chigamba chimenecho ndi chidindo cha mdyerekezi, koma mkazi wako ndi wouma mutu, usamuuze. Anati ndizisenda kapepala ka thumba lililonse, ndijambule mtanda wa mafuta paguluu, ndibwezeretse kapepalako. Ndinamvera! Ndipo taonani zimene Yehova wachita! Thupi layamba kukana jumbo! M'takisi linakana!"

"Ameni!"

"Pamsika linakana! Kuntchito linakana, mpaka abwana anamubweza!"

A Carol anaimba nthungululu. Anthu anaimirira, akuomba m'manja chifukwa cha siketi yanga ya m'takisi, chifukwa cha khungu langa losupuka, chifukwa cha epuloni yanga yopachikidwa. Ine ndinkangomva mawu a namwino uja: ngakhale kadontho. Ndinakumbukira lilime lija lili panja, maso owala aja, ndi funso lija, lamatukanso? Munthu ankawerenga zigoli zake, ine n'kumati chifundo.

"Bwera kuno, mwana wanga," anaitana Newton, wamng'ono kwa ine ndi zaka zingapo. "Lero jumbo ikutsanzika!"

Ndinadzuka. Poyenda ndinamva m'mphepete mwa guluu mukunyamuka, chifukwa thumba la tsiku limenelo nalonso linali ndi mtanda wake, ndipo linali litadzaza. Ndikanatha kumuchenjeza. Mawu anafika pakamwa, koma ndinati mneneri amaona za patsogolo, aona yekha.

Anandizungulira kawiri akulankhula malilime. Kenako anaika dzanja pamimba panga, pomwepo penipeni, n'kukankha ndi mphamvu zake zonse.

"Tuluka!"

Zinatulukadi. Zinayambira pamkono wa jekete, zinatsikira pa thalauza, zinamalizira pa nsapato zoyera zija. Woimba kiyibodi anasiya nyimbo pakati. Papa anayang'ana dzanja lake, anatulutsa liwu limene silinali la malilime, maikolofoni n'kugwa pansi. Anathamangira kuseri kwa guwa, ndipo tonse tinamumva akusanza, popeza kumeneko n'kumene kunali maikolofoni ina.

Ndinatola nsalu imodzi mwa zija amafunditsa akazi akagwa, ndinadzimanga m'chiuno, ndinatola maikolofoni. Manyazi anali atandithera. Munthu amachita manyazi akakhala ndi chobisa, ndipo ine anali atandivula kale.

"Mwaona nonse kuti mafuta a Papa amagwira ntchito," ndinatero. "Amamatula guluu. Amene muli ndi nsapato zofuna kumatula, gulani."

Kenako ndinayang'ana mwamuna wanga, amene anali ataima kukamwa kuli yasa.

"Iwe Jameson. Unkati anthu akadziwa uziyenda bwanji. Wawauza wekha, pa maikolofoni. Yenda tsopano tikuone."

Ndinatuluka. Anthu anandipatsa njira yotakata kuposa imene amapatsa mkwatibwi.

6

Nditafika kunyumba ndinasamba, ndinamata thumba la m'chikwama changa cha paulendo limene sizasi yawo inali isanalikhudze, kenako ndinatsekula bokosi lija. Ndinasenda kapepala ka thumba limodzi n'kuliyang'anitsa pawindo. Mtanda unali pomwepo, wopyapyala, wonyezimira, wojambulidwa mwaluso. Ndikamamata sindinkauona chifukwa maso amakhala pasitoma. Onse anali nawo.

Patapita masiku ochepa kunabwera ankhoswe, a Peterson, malume awo a Jameson, mkulu wa ku KwaThema amene anagwirapo ntchito m'migodi. Anakhala pampando, Jameson pambali pawo, mutu uli pansi.

"Mayi, mwanayu walakwa, sitikukana," anatero a Peterson. "Koma tiyang'ane mtima. Anachita chifukwa cha chikondi. Ankafuna muchire. Banja ndi kupirira."

"Chikondi, malume?"

"Chikondi, mayi."

"Chabwino. Ine sindipempha zambiri. Ndi nthawi yoti ndisinthe thumba. Ngati n'chikondi, atenge kansalu aka ndi madzi ofunda, andipukute pamene mafuta ake anandiotcha. Ayang'ane kamodzi kokha ntchito ya manja ake. Akatero, nkhani yatha, ndikaphike."

A Peterson anatulukira pakhomo mwaulemu kuti atipatse mpata. Ndinamatula thumba. Khungu linali lofiira ngati nyama ya pa butchala, sitoma ili pakati, ikugwira ntchito yake mosasamala za munthu. Ndinatambasula dzanja ndi kansalu kaja.

Jameson anayang'ana denga. Anayang'ana chitseko. Anayang'ana nsapato zake zosongoka.

"Eish, mayi a Miracle, mukudziwa mtima wanga ndi wofooka pa zimenezi."

Ndinadzipukuta ndekha monga mwa masiku onse, ndinamata thumba lodula ndekha, ndinaitana a Peterson. Mkulu uja anangoona kansalu kali m'manja mwanga n'kumvetsa. Anavala chipewa chake.

"Tenga zovala zako, mphwanga," anatero. "Ine ndinabwera kudzamanga banja, koma pomangirira sindikupaona."

Tsiku lotsatira ndinakwera takisi ya ku Benoni nditatenga thumba limodzi la mtanda. Ndinalionetsa kwa mayi Tasneem pawindo la m'khitchini. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwamuna wako?"

"Amene anali mwamuna wanga."

Anapita kuseri kwa chitseko, anatenga epuloni ija n'kundiveka okha m'khosi. Kenako anatsekula kabati ya m'chipinda chochapira, anandipatsa kiyi wake, n'kunena kuti bokosi latsopano la kuchipatala lizikhala mmenemo. Khungu linatenga nthawi kuti lipole, koma kuchokera tsiku limenelo palibe thumba lamatukapo.

Chimene sindinathe kutsekera m'kabati ndi mafoni aja. Kanema wa m'tenti anayenda pa mafoni a Amalawi onse a kuno, anawoloka malire, anafika ku Ntcheu. Miracle ankangodziwa kuti mayi ake anachitidwa opaleshoni, basi. Loweruka masana foni inalira, dzina lake lili pagalasi. Ndinaiyang'ana mpaka inatsala pang'ono kuduka. Ine amene ndinaima pamaso pa tenti yonse, ndinaopa kamtsikana ka Fomu 2.

"Amayi, kusukulu anzanga andionetsa kanema."

"Eya, mwanangu."

"N'zoona zimene ananena adadi? Za thumba?"

"N'zoona."

Ndinadikira kulira, ndinadikira kuti anene kuti ndamuchititsa manyazi, kuti sabwereranso kusukulu. Ndinali nditakonza kale mawu opepesa.

"Amayi," anatero, "kodi zimapweteka?"

Ndinakhala pansi, pa simenti. Mwamuna, mlamu, mneneri, mpingo wonse wa anthu odzazidwa ndi mzimu, panalibe ndi mmodzi yemwe anali atandifunsapo funso limenelo.

"Pano sizikupwetekanso," ndinamuyankha. "Iwe limbikira sukulu."

7

Ndamva kuti Newton anagula suti yabuluu ndipo tenti ikudzazabe. A Carol akuti analota kale kuti ine ndine Yezebeli. Jameson amatuma anthu kudzandiuza kuti wandikhululukira. Ndimawathokoza, n'kuwapatsa samusa mmodzimmodzi kuti asabwerere chimanjamanja.

Inu owerenga, sindikukuuzani kuti musiye kupemphera. Ine ndimapemphera m'mawa uliwonse, ndipo Mulungu amene ndimamudziwa anandichiritsa kalekale, kudzera mwa dokotala amene anandidula matumbo ndi munthu amene anapanga guluu. Koma mukakhala ndi wodwala pakhomo, musanathamange kukamufunira chozizwitsa, dzifunseni kuti amene mukufuna kumupulumutsa ndani, iyeyo ku ululu wake, kapena inuyo ku manyazi anu. Ndipo inu amene mumakwinya mphuno m'takisi, dziwani kuti kusiyana kwa ine ndi inu n'kochepa. Zanga ndimaziona, ndimazikhuthula, ndimasamba m'manja. Zanu mumayenda nazo tsiku lonse mutavala suti.

Sizasi yanga ndinaimangirira pa chingwe chimodzi ndi kiyi wa kabati ija. Amuna amandifunsirabe, poti nkhope sanandidule. Aliyense ndimamuuza zoona tsiku loyamba, ndipo akati, "Ndizikuthandizani kudula," ndimamwetulira n'kumupatsa kansalu kopukutira kaja.